Ma reaction ndi ma equation a Chemistry: mafunso ndi mayankho a ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 ku Harare

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa ana asukulu a m'mabanja olankhula Chichewa ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Epworth, amene akukonzekera mayeso a ZIMSEC a Chemistry kapena Combined Science. Mayeso mudzalemba m'Chingerezi, choncho mayina a mankhwala tawasiya momwe mudzawapezere papepala. Koma tafotokoza m'chinenero cha kunyumba kuti nkhaniyo ikhazikike m'mutu.

Kodi shuga akasungunuka mu tiyi, imeneyo ndi reaction?

Ayi. Shugayo akadali shuga, wangomwazika m'madzi, ndipo madziwo ataphwa mungamupezenso pansi pa kapu. Reaction imachitika pamene maatomu asiyana ndi anzawo amene anagwirana nawo n'kukagwirana ndi ena, ndipo pamatuluka chinthu chatsopano cha khalidwe lakelake. Shuga yemweyo mukamusiya m'poto pamoto waukulu amafiira, kenako amada bii, amanunkha chopserera ndipo amawawa. Ameneyo sangabwererenso kukhala shuga.

Zizindikiro za reaction ndi thovu la mpweya, kusintha kwa mtundu, kutentha kapena kuzizira kwa chiwiya popanda moto, fungo latsopano, ndi zinthu zolimba zotulukira m'madzi amene anali oyera. Koma chizindikiro chimodzi pachokha chikhoza kukunamizani. Madzi owira amachita thovu, komabe nthunziyo ndi H₂O yemweyo. Tinenerenso pompano kuti ku Harare madzi amawira pa 95°C kapena cha pamenepo, osati pa 100°C, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Thermometer ya kusukulu ikaima pa 95, musaiyese yowonongeka.

Thumba la makala likapsa pamatsala phulusa lodzaza m'manja. Nanga bwanji buku likuti kulemera sikutayika?

Chifukwa sikelo yanu yapima phulusa lokha, zambiri zapita m'mwamba. Magalamu 12 a carbon amatenga magalamu 32 a oxygen kuchokera mumpweya n'kupanga magalamu 44 a carbon dioxide: C + O₂ → CO₂. Mukanatha kusonkhanitsa mpweya wonse wotuluka pambaula, mukanapeza kuti ukulemera kuposa makala aja. Phulusa limachokera ku zinthu zina zimene zinali m'mtengo zomwe sizipsa. Antoine Lavoisier wa ku France ndiye anakhazikitsa lamulo lakuti kulemera sikutayika poyatsa zinthu m'ziwiya zotseka n'kumapima, ndipo analilemba m'buku lake la 1789. Nkhani yonse ya ma equation yatsamira pamenepa: maatomu amene alowa ndi amene atuluka, palibe lobadwa, palibe losowa.

Mu labotale mumaonetsa zimenezi ndi magnesium. Palani kachingwe kake ndi sandpaper mpaka kawale, chifukwa kunja kwake kumakhala kale ndi oxide. Pimani crucible (kambale kopirira moto waukulu) ndi chivundikiro chake, ikanimo magalamu 0.24 a magnesium mutaipinda ngati nkhata, pimaninso, kenako tenthetsani kwambiri. Muzitukula chivundikiro pang'ono ndi chopanira kuti mpweya ulowe, n'kutsekanso msanga. Tenthetsani, ziziritsani, pimani, ndipo bwerezani mpaka sikelo ipereke nambala imodzimodzi kawiri. Muyenera kupeza magalamu pafupifupi 0.40 a ufa woyera, malinga ndi 2Mg + O₂ → 2MgO. Ambiri amapeza zochepera, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri: utsi woyera uja umene unathawa potukula chivundikiro ndi magnesium oxide yeniyeniyo, kapena magnesium ina sinapse chifukwa mpweya unachepa. Musayang'anitsitse kuwala kwake, kumapweteka maso.

Ndimadziwa mayina koma formula imandisokoneza. Ndiyambire pati?

Yambirani pa ma ion, amene ndi maatomu kapena timagulu ta maatomu tokhala ndi charge ya plus kapena minus, ndipo awa muwaloweze pamtima chifukwa palibe njira ina. A charge imodzi ya plus ndi H⁺, Na⁺, K⁺, Ag⁺ ndi NH₄⁺. A ziwiri ndi Mg²⁺, Ca²⁺, Zn²⁺, Cu²⁺ ndi Fe²⁺. A zitatu ndi Al³⁺ ndi Fe³⁺. Ku minus kuli Cl⁻, OH⁻, NO₃⁻, HCO₃⁻, kenako O²⁻, SO₄²⁻, CO₃²⁻, ndi PO₄³⁻. Mu formula, plus ndi minus ziyenera kufafanizana mpaka patsale ziro.

Tengani aluminium sulphate, mankhwala amene amathiridwa m'madzi a ku Lake Chivero pa malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray kuti tinthu ta matope tigwirane n'kumira. Al³⁺ ali ndi zitatu, SO₄²⁻ ali ndi ziwiri. Nambala yaing'ono imene 3 ndi 2 amakumanapo ndi 6, ndiye pakufunika aluminium awiri ndi sulphate atatu: Al₂(SO₄)₃. Mabulaketi si okongoletsa. Ca(OH)₂ akutanthauza ma oxygen awiri ndi ma hydrogen awiri, pamene CaOH₂ akutanthauza oxygen mmodzi yekha, ndipo woyika malikisi adzadula.

Zolakwika zina ziwiri zimadya malikisi chaka ndi chaka. Choyamba, hydrogen, nitrogen, oxygen, fluorine, chlorine, bromine ndi iodine akakhala paokha amayenda awiriawiri: H₂, N₂, O₂, F₂, Cl₂, Br₂, I₂. Chachiwiri ndi zilembo: Co ndi chitsulo cha cobalt, CO ndi mpweya wakupha wa carbon monoxide.

Kodi pali njira yodalirika yolinganizira equation, kapena n'kungoyesayesa?

Njira ilipo. Lembani kaye equation ya mawu, kuti mudziwe zimene zikulowa ndi zimene zikutuluka. Pansi pa dzina lililonse lembani formula yolondola, ndipo mukatero musaikhudzenso. Chimene mukuloledwa kusintha ndi manambala aakulu a kutsogolo kwa formula basi. Werengani maatomu kumanzere ndi kumanja kwa muvi, muyambe ndi element imene ikupezeka malo amodzi mbali iliyonse. Zitsulo ndi carbon zitsogole, hydrogen atsatire, oxygen akhale womaliza. Lembani ndi pensulo.

Gasi wa m'silinda amene ambiri amaphikira magetsi akathima amakhala ndi propane ndi butane. Tiyambe ndi propane: C₃H₈ + O₂ → CO₂ + H₂O. Carbon alipo atatu kumanzere, ndiye ikani 3 patsogolo pa CO₂. Hydrogen alipo 8, ndipo molekyulu iliyonse ya madzi imatenga awiri, ndiye ikani 4 patsogolo pa H₂O. Tsopano werengani oxygen kumanja: 6 a mu carbon dioxide kuphatikiza 4 a m'madzi, onse 10. Popeza amabwera awiriawiri, pakufunika 5. Yankho ndi C₃H₈ + 5O₂ → 3CO₂ + 4H₂O.

Butane ndiye amagwetsa ambiri. C₄H₁₀ amapereka 4CO₂ ndi 5H₂O, oxygen kumanja n'kukhala 13, nambala yosagawika pawiri. Musabwerere kukafufuta zonse. Lembani 6½ patsogolo pa O₂, kenako chulukitsani equation yonse ndi 2: 2C₄H₁₀ + 13O₂ → 8CO₂ + 10H₂O. Onetsetsani kuti mwachulukitsa chilichonse, chifukwa amene amaiwalika kawirikawiri ndi butane woyambirira uja.

Gulu ngati SO₄ kapena NO₃ likaoneka mbali zonse ziwiri lisanasweke, liwerengeni ngati chinthu chimodzi. Pa Al(OH)₃ + H₂SO₄ → Al₂(SO₄)₃ + H₂O, ikani 2 pa aluminium hydroxide, 3 pa asidi chifukwa sulphate akufunika atatu, ndipo hydrogen 6 kuphatikiza 6 amapereka 6H₂O. Mukamaliza werenganinso element iliyonse kuchokera pachiyambi. Mphindi imodzi imeneyo imapulumutsa funso lonse, chifukwa masamu onse otsatira amadalira manambala amenewa.

Bwanji osangosintha kanambala kakang'ono kapansi, zinthu n'kulingana msanga?

Chifukwa mukatero mwatchula chinthu china. H₂ + O₂ → H₂O₂ ndi yolingana ndithu, koma H₂O₂ ndi hydrogen peroxide, mankhwala oyeretsera tsitsi ndi kutsukira mabala, osati madzi akumwa. Yolondola ndi 2H₂ + O₂ → 2H₂O.

Kusiyana kwa atomu imodzi kumeneku kumapha anthu m'nyengo yozizira ya June ndi July. Makala akapeza mpweya wokwanira amapanga CO₂. Mbaula ikalowetsedwa m'chipinda chotseka zitseko ndi mazenera, oxygen amachepa ndipo reaction imasanduka 2C + O₂ → 2CO. Carbon monoxide saoneka, sanunkha, ndipo amakakamira pa haemoglobin, imene imanyamula oxygen m'magazi, mwamphamvu kuposa oxygen kuwirikiza ka 200 kapena kupitirira. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo. Izi muwauze amayi, abambo ndi agogo kunyumba: mbaula kapena jenereta sizigona m'nyumba. Chitofu cha gasi chikamayaka moto wachikasu wodetsa mapoto m'malo mwa wabuluu, ndiye kuti mpweya ukuchepa ndipo timabowo take tikufunika kutsukidwa.

Tizilembo (s), (l), (g) ndi (aq) n'tofunikadi?

Funso likatipempha, n'tofunika. (s) ndi cholimba, (l) ndi chamadzimadzi pachokha, (g) ndi mpweya, (aq) ndi chosungunuka m'madzi. Madzi enieni ndi H₂O(l), osati (aq). Asidi wa mu labotale ndi (aq). Chimene chatulukira ngati ufa m'madzi, chotchedwa precipitate, ndi (s).

Ma reaction a asidi ndi ambiri. Ndiloweze onse?

Lowezani mitundu itatu, ena onse amagwera momwemo. Asidi ndi chitsulo amapereka salt ndi hydrogen: Zn + H₂SO₄ → ZnSO₄ + H₂. Asidi ndi oxide kapena hydroxide ya chitsulo amapereka salt ndi madzi: CuO + H₂SO₄ → CuSO₄ + H₂O, pomwe ufa wakuda umasungunuka madzi n'kusanduka abuluu. Asidi ndi carbonate amapereka salt, madzi ndi carbon dioxide: CaCO₃ + 2HCl → CaCl₂ + H₂O + CO₂. Dzina la salt limachokera kwa asidi: hydrochloric amabala chloride, sulphuric amabala sulphate, nitric amabala nitrate. Mawu akuti salt pano sakutanthauza mchere wa m'ndiwo wokha, umenewo ndi umodzi mwa ambiri.

Pali misampha. Mkuwa suchita kanthu ndi hydrochloric kapena sulphuric acid wosungunulidwa ndi madzi, chifukwa uli pansi pa hydrogen pamndandanda wa mphamvu za zitsulo. Miyala ya marble mukaithira sulphuric acid, thovu limayamba kenako n'kuleka, chifukwa calcium sulphate sasungunuka bwino ndipo amakuta mwalawo. N'chifukwa chake popanga carbon dioxide timagwiritsa ntchito hydrochloric.

Mpweya wotulukawo muuzindikire motere. Hydrogen amalira kuti "pop" mukayandikiza kamtengo koyaka. Oxygen amayatsanso kamtengo kongofuka. Ammonia amasandutsa litmus yofiira yonyowa kukhala yabuluu. Chlorine amafufutitsa litmus yonyowa. Carbon dioxide amachititsa limewater (madzi a laimu) kuyera ngati mkaka, koma mukapitiriza kuuziramo nthawi yaitali amabwerera kukhala oonekera ngati madzi wamba chifukwa calcium carbonate uja amasanduka calcium hydrogencarbonate wosungunuka. Wosayang'anitsitsa amalemba kuti palibe chachitika.

Kukhitchini nakonso zilipo. Soda wophikira therere ndi chidulo cha phulusa chimene agogo amatcheza ndi za gulu limodzi la alkali, n'chifukwa chake zonse zimafewetsa ndiwo. Ndipo kwa olima chimanga m'timinda ta m'mbali mwa mzinda: laimu amachepetsa asidi m'nthaka, koma asathiridwe pamodzi ndi feteleza wa AN (ammonium nitrate). Ca(OH)₂ + 2NH₄NO₃ → Ca(NO₃)₂ + 2NH₃ + 2H₂O. Ammonia ameneyo amauluka, ndipo ndi nitrogen amene munagula ndi ndalama.

Ionic equation imasiyana bwanji ndi equation wamba?

Imasonyeza okhawo amene asinthadi. Phwanyani chilichonse cha (aq) kukhala ma ion, koma cholimba, madzi ndi mpweya muzisiye zathunthu. Kenako fufutani ma ion amene ali chimodzimodzi mbali zonse. Pa HCl + NaOH → NaCl + H₂O, Na⁺ ndi Cl⁻ amangoonerera, ndipo chotsala ndi H⁺ + OH⁻ → H₂O. Msomali ukaviikidwa mu copper sulphate umavala utoto wofiirira wa mkuwa ndipo ubuluu wa madziwo umazilala: Fe + Cu²⁺ → Fe²⁺ + Cu. Apa muwerenge zinthu ziwiri, maatomu ndi charge. Cu + Ag⁺ → Cu²⁺ + Ag ili ndi maatomu olingana koma ndi yolakwika, chifukwa kumanzere kuli plus imodzi, kumanja ziwiri. Pakufunika 2Ag⁺ ndi 2Ag.

Mole n'chiyani, ndipo ndimaigwiritsa ntchito bwanji pa equation?

Monga dazeni ndi zinthu 12, mole ndi tinthu 6.02 × 10²³. Ubwino wake ndi wakuti mole imodzi imalemera magalamu ofanana ndi nambala ya Ar (kulemera kwa atomu, kolembedwa pa periodic table) kapena Mr (ma Ar onse a mu formula ophatikizidwa). Manambala aakulu a mu equation amanena za ma mole, osati magalamu. Apa ndi pamene ambiri amaterera: amaona 2Mg + O₂ n'kuganiza kuti magalamu 2 a magnesium amafuna galamu imodzi ya oxygen, pamene zoona zake ndi magalamu 48 pa 32.

Njira yake ili ndi masitepe atatu. Sandutsani zimene mwapatsidwa kukhala ma mole, pogawa magalamu ndi Mr. Wolokani ndi manambala a mu equation. Bwezerani ku magalamu kapena ku volume. Chitsanzo ndi reaction imene ili pamtima pa kupanga simenti, ntchito imene fakitale ya ku Manresa kufupi ndi Mabvuku imadziwika nayo: CaCO₃ → CaO + CO₂. Mr ya calcium carbonate ndi 100, ya calcium oxide ndi 56, ya carbon dioxide ndi 44. Magalamu 250 ndi ma mole 2.5, amene amapereka magalamu 140 a calcium oxide ndi 110 a carbon dioxide. Phatikizani: 250. Zikapanda kubwerera pa nambala yoyamba, mwalakwitsa penapake.

Masamu omwewa amawerenga thumba la feteleza. Ammonium nitrate, NH₄NO₃, ali ndi Mr 80, ndipo nitrogen ndi awiri, osati mmodzi: 28 pa 80 ndi 35%. Pathumba la AN amalemba 34.5% chifukwa mumakhala tina towonjezera. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi nitrogen wopitirira pang'ono makilogalamu 17. Urea, CO(NH₂)₂, ndi 28 pa 60, ndipo thumba lake limati 46%.

Za mpweya pali chinthu chimene mabuku ambiri satchula. Buku limati mole imodzi ya mpweya imadzaza 24 dm³, ndipo pamayeso gwiritsani ntchito nambala imene mwapatsidwa papepala la mafunso. Koma 24 ameneyo anawerengedwa pa pressure ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Ku Harare pressure ndi yotsika, cha m'ma 85 kPa m'malo mwa 101, choncho mole imafutukuka kupitirira 28 dm³. Magalamu 0.06 a magnesium mu hydrochloric acid wokwanira amayenera kupereka 60 cm³ ya hydrogen malinga ndi buku, koma gas syringe ya kuno idzaonetsa pafupifupi 70 cm³. Mukapeza zochepera 60, fufuzani pa chitsekerero: mpweya wathawa musanatseke kapena chubu chikudontha. Ndipo pa masamu a asidi gawani cm³ ndi 1000 musanachulukitse ndi concentration, imene ndi kuchuluka kwa ma mole mu dm³ imodzi.

N'chiyani chimafulumizitsa reaction?

Tinthu tiyenera kugundana, ndiponso kugundana ndi mphamvu yokwanira. Kutentha kumatithamangitsa, ndipo pa ma reaction ambiri kukwera kwa 10°C kumawirikiza liwiro pafupifupi kawiri. N'chifukwa chake ndiwo zimasasa msanga mu October kusiyana ndi mu June. Asidi wa concentration yaikulu ali ndi tinthu tambiri pamalo amodzi. Ufa umachita msanga kuposa mwala, monga nkhuni zowaza zimayaka msanga kuposa chipika. Catalyst imatsegula njira yofuna mphamvu yochepa, ndipo iyo siitha: kaufa kakuda ka manganese(IV) oxide mu hydrogen peroxide kamatulutsa thovu la oxygen nthawi yomweyo, 2H₂O₂ → 2H₂O + O₂, ndipo mukasefa mumakapezanso. Catalyst ilembedwe pamwamba pa muvi. Siiwonjezera kuchuluka kwa zotuluka, imangofupikitsa nthawi.

Nanga muvi wa mbali ziwiri uja?

Chizindikiro ⇌ chimatanthauza kuti zotuluka zikhoza kubwereranso. Chitsanzo chachikulu ndi N₂ + 3H₂ ⇌ 2NH₃, njira imene Fritz Haber anaonetsa mu 1909 ndipo Carl Bosch anaifikitsa pa fakitale mu 1913. Imayenda pa 450°C, pressure ya ma atmosphere pafupifupi 200, ndi catalyst ya iron. Reaction yopita kumanja imatulutsa kutentha, choncho kuzizira kukanapereka ammonia wochuluka koma mochedwa kwambiri, ndipo 450°C ndi pakati pa ziwirizo. Ammonia ndiye gwero la AN amene Sable Chemicals ya kufupi ndi Kwekwe imadziwika naye. Mnzake ndi 2SO₂ + O₂ ⇌ 2SO₃ pa catalyst ya vanadium(V) oxide, sitepe yopangira sulphuric acid. Asidi ameneyu ndi amene amasandutsa miyala ya phosphate ya ku Dorowa kukhala feteleza wa superphosphate, ntchito ya ZimPhos ku Msasa.

Dzimbiri la pamalata nalonso ndi reaction?

Inde, ndipo limafuna zinthu ziwiri pamodzi, madzi ndi oxygen. Ikani misomali yoyera m'mabotolo atatu: loyamba madzi a pampopi losatseka, lachiwiri madzi owiritsa okutidwa ndi mafuta ophikira pamwamba, lachitatu louma lotsekedwa bwino. Pakatha sabata, dzimbiri lidzakhala m'botolo loyamba. Mchere umalifulumizitsa. Iron amataya ma electron, kumene ndi oxidation, ndipo oxygen amawalandira, kumene ndi reduction. Malata amakutidwa ndi zinc, amene amataya ma electron mosavuta kuposa iron, ndiye ngakhale lata litakalika, zinc ndiye amadyeka poyamba.

Kusukulu kwathu zipangizo n'zochepa. Ndingayese chiyani kunyumba, ndipo ndipewe chiyani?

Soda ndi viniga ndi poyambira pabwino. Thirani viniga 60 cm³, amene ndi masupuni aakulu 4, m'botolo lapulasitiki la 500 ml. Ikani supuni yaing'ono ya soda, magalamu pafupifupi 4, m'baluni, valikani baluniyo pakamwa pa botolo, kenako itukuleni kuti soda agwere mkati. NaHCO₃ + CH₃COOH → CH₃COONa + H₂O + CO₂. Pamatuluka mpweya wopitirira lita imodzi, ndipo mukagwira botolo mumva kuti lazizira, chifukwa reaction imeneyi imatenga kutentha. Soda akatsalira pansi ndiye kuti viniga watha, ndipo mwaona ndi maso chimene mabuku amatcha limiting reactant. Musatseke botololo ndi chitsekerero chake, lingaphulike.

Madzi owiritsira kabichi wofiirira ndi indicator yabwino, yosiyanitsa asidi ndi alkali mwa kusintha mtundu: amafiira m'madzi a mandimu, ndipo amapita ku buluu kapena kubiriwira mu soda ndi m'chidulo.

Zopewa ndi izi. Jik kapena bleach aliyense asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala otsukira chimbudzi okhala ndi asidi, chifukwa pamatuluka chlorine wowononga mapapo. Asidi wa batire ya galimoto ndi sulphuric acid wowotcha khungu ndi zovala, si woyesera kunyumba. Caustic soda wopangira sopo si soda wophikira, ndipo amadya khungu. Mu labotale, posungunula asidi wamphamvu, thirani asidiyo pang'onopang'ono m'madzi uku mukutakasa, osati madzi mu asidi, chifukwa kutentha kwake kumawiritsa madontho oyambawo n'kukuthovukirani kumaso. Mankhwala akagwera pakhungu kapena m'diso, tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 15, musathirepo soda kapena viniga, ndipo mupite kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo.